Miyala Imene Ndinazula ku Mwaya

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mnzawo wa bambo anga, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya boma ku Nkhata Bay. Loji ina ya ku Mwaya inkafuna wosamalira maluwa. Anandilemba mongoyesa kwa mwezi umodzi. Ndikalephera, ulendo wobwerera kwathu ku Dedza kukalima mbatatesi.

Mkulu wa dimba anali ada Chirwa, Mtonga wa mawu ochepa. Anandipatsa khasu, wilibala ndi kheni yothirira, n'kundilozera chitunda cha miyala chimene anabzalapo alovera, nkhadze ndi timbewu tina ta masamba onenepa, tomera kouma. "Upalire," anatero, basi n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu kukagula mbande.

Ine mwana wa mlimi, mwala m'munda ndinkauona ngati mdani wa khasu. Ndinazula miyala yonse ya theka la chitundacho, ndikuituta pa wilibala mpaka manja kutuluka matuza. Pamalopo panayera mbee, ine n'kumadzitama ndekha.

Kenako kunabwera mwera, mphepo ija imatsekereza asodzi kumtunda. Unawomba masiku atatu. Ada Chirwa atabwerako tinakwera limodzi kuchitunda. Kumene ndinayeretsa dothi linali litauluka, alovera atagona chammbali, mizu ili pamtunda itauma. Kumene sindinafike, kambewu kalikonse kanali chilili kuseri kwa mwala wake.

Sanandikalipire. Anagwada, n'kutukula pang'ono mwala umodzi mwa yotsala ija. "Pisa dzanja apa, mwana wangu."

Mvula inali italeka kale, koma pansi pake panali ponyowa, pozizira. Timizu toyera ngati ulusi tinali titayala pamwalapo. Anandionetsa mmene mame amatsetserekera pansi, mmene mwala umapatutsira mphepo, ndi kadothi kamene mphepo yomweyo imasiya kuseri kwake. Chitunda chimene ndinkachiyesa chauve chinali choyalidwa mwanzeru kuposa munda uliwonse umene ndinalimapo.

"Wothirira pano ndi mwala, si iwe," anatero. "Ubweze uliwonse pamalo pake, kumene kukuchokera mphepo. Zikadzuka, ukhala."

Ndinatha masiku awiri ndikubweza miyalayo. Mbewu zina zinafa ndithu, zambiri zinadzuka, ndipo ntchito ndinakhalapo. Lero ndine ndimalangiza atsopano, koma sindichotsa kanthu m'dimba ndisanagwade kuona chimene chabisala kuseri kwake.