Nyongolotsi za m'bwato la bambo anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anabwerako ku Dwangwa msana utawonongeka. Anadula nzimbe kumeneko zaka zambiri, ndipo atafika kwathu ku Chia sankathanso kupalasa bwato kapena kukoka khoka ngati amuna anzawo. Ankangokhala pakhonde tsiku lonse kudikira nthawi ya swala kumzikiti. Pakhomo tinkadalira amayi, amene ankafutsa usipa n'kumakagulitsa kumsewu.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi anawabweretsera kachitini ka nyongolotsi zofiira. Anati zikamadya zinyalala za kukhitchini zimatulutsa manyowa amphamvu. Bambo anatenga bwato lawo lakale long'ambika pansi n'kulikhazika pa njerwa, patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anayalamo udzu wa mpunga ndi ndowe zowolerana, anathiramo nyongolotsi zija, kenako anavundikira ndi masaka onyowa.

Kuyambira pamenepo kudzala kwathu kunasowa zotayako. Makoko a nthochi, masamba a tiyi, zikamba za mazira, zonse zinkapita m'bwato, ndipo wonyamula ndinali ine, mwana woyamba. Nthawi iliyonse ndikafika ndi kabeseni, bambo ankayamba asanthula ndi chala.

"Zainabu, tsabola ayi, mafuta ayi," ankatero. "Koma makamaka mchere. Mchere umaziwotcha ngati moto."

Patapita miyezi anayamba kukumba pansi pa bwato dothi lakuda bii, lofewa, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Pakhomo pathu panali mchenga wokhawokha, woti ngakhale bonongwe ankakana, koma atalima kadimba n'kuthirapo dothilo, chaka chimenecho panamera mpiru wa masamba aakulu ndi matimati ofuna kuchirikiza ndi mitengo. Bambo anayambiranso kulawirira. Pochokera kumzikiti sankakhalanso pakhonde, ankalunjika kuseri, ndipo ndinkawamva akung'ung'udza kanyimbo.

Ine zonsezi sizinkandikhudza. Kusukulu anali atandipatsa dzina loti mwana wa Chenyongolotsi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, Patuma, ndiye ankatsogolera. Ndikangolowa ankatseka mphuno n'kufunsa mokweza kuti, "Dzulo kwanu munadyera ndiwo yanji? Zofiira zija?" Kalasi lonse linkafa ndi phwete. Abambo a anzanga ankaweta mbuzi ndi abakha, ena anali ndi maukonde. Anga ankaweta nyambo.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti mlangizi uja adzabwera ndi alimi a midzi yoyandikana kudzaona bwatolo, ndipo aphunzitsi athu adzatenganso kalasi lathu. Wophunzitsa tsikulo akanakhala bambo. Anasangalala ngati mwana, mpaka anauza amayi kuti awachapire mkanjo wa pa Idi. Ine m'maso mwanga munkangobwera Patuma ataima kuseri kwa nyumba yathu, atagwira mphuno.

Kutatsala masiku anayi, bambo anapita kuchipatala cha kuboma kukaonetsa msana, ndipo anati agona kwa achimwene awo masiku awiri. Ponyamuka anandigwira paphewa.

"Uzinyowetsa masaka m'mawa ndi madzulo. Dzuwa la mwezi uno silikhululuka. Ndazisiya m'manja mwako."

Masana a tsikulo amayi atamaliza kufutsa usipa, anandituma kukataya madzi ofutsirawo, iwo n'kunyamula dengu kupita kumsewu. Madziwo anali akadali ofunda, amchere wokhawokha. Ndinasenza ndowa, ndinadutsa dzala, ndinakafika pa mango paja. Ndinavundukula masaka n'kuthira pang'onopang'ono, kuyambira kumutu kwa bwato mpaka kumbuyo. Nyongolotsi zinatulukira pamwamba zikuphiriphitha, zina zikukwera m'mbali mwa bwato n'kugwera mumchenga wotentha. Ndinavundikiranso bwinobwino n'kukatsuka ndowa. Sindinapunthwe, sindinaiwale. Ndinkadziwa chimene ndinkachita.

Bambo atabwera, fungo ndi limene linawachingamira. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anagwada pambali pa bwato, chinthu chimene msana wawo sunkalola, n'kuyamba kufukula ndi manja. Anafukula nthawi yaitali kufunafuna ngakhale imodzi yamoyo. Chimene anatola chinali kamutu ka usipa. Anakayang'ana pachikhatho, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwina ndinaiwala kukuuza za mchere, mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

Tonse awiri tinkadziwa kuti sanaiwale. Koma ine ndinazolika n'kuyankha kuti, "Eya, simunandiuze."

Amayi anali atathyola kale kamtengo. "Iwe, bodza limenelo ukunamiza ndani? Si tsiku ndi tsiku amakuuza bambo ako?"

"Musiyeni, amake Zainabu," bambo anatero, uku akudzuka movutikira. "Wolakwa ndine."

Anatumiza uthenga kwa mlangizi kuti alendo asabwere, ndipo alimi aja anakaonera kwa munthu wina. Mlangiziyo anabwera yekha n'kulonjeza kachitini kena, koma bambo anakana, amvekere msana sukulola. Mkanjo uja unabwerera m'sutikesi. Bwato linakhala pamenepo mpaka mvula, kenako amayi analiwaza nkhuni. Mchenga unabwerera padimba paja, ndipo bambo anabwerera pakhonde. Sanandikalipire, sanasinthe nkhope pa ine, ankandigulira makope monga kale. Anamwalira ndili Fomu 3, nkhaniyo tisanaikambenso.

Chaka chatha ndinakumana ndi Patuma pamsika ku Dwangwa, akugulitsa zitenje. Tinakumbatirana, tinafunsana za ana. Nditamukumbutsa dzina limene ankandiitana, anakwinya nkhope n'kuseka. "Ine? Aa, zachibwana, sindikuzikumbuka n'komwe." Ndinakwera minibasi kubwerera kwathu. Ndinawononga chinthu chokhacho chimene chinkadzutsa bambo anga m'mawa pothawa kuseka kwa munthu amene anaiwala zonse.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsiku lija bambo anandipulumutsa ku mkwapulo, basi. Pano ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa mmene kholo limafunsira funso limene yankho lake likulidziwa kale. Sankandipatsa pothawira. Anachotsa chilango panjira kuti ndinene zoona mopanda mantha, n'kudikira. Ndikukhulupirira kuti chimene chinawaletsa kulandira kachitini kachiwiri si msana, kapena imfa ya nyongolotsi, koma kuzindikira kuti mwana wawo ankachita nawo manyazi.

Anadikira zaka zinayi, tikudyera pamphasa imodzi. Mawu amene ankafunika anali ochepa chabe: "Munandiuza, bambo. Ndinachitira dala. Pepani." Masiku ano ndimawanena mosavuta, koma wondiyankha palibe.