Mbewu Yathu Inapita ndi Alendo a Fera

Chaka chimene ku Fingoe kunachitika fera, chionetsero cha zokolola, banja lathu linatsala lopanda mbewu. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo tinali titangobwerako ku Zambia kumene makolo anga anathawira nkhondo.

Mayi anabwera ndi chimanga choyera cha maso akuluakulu. Atakolola koyamba anasankha chonenepa, namanga zikonyo n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe.

Tsiku lina kunafika bambo wa komiti ya fera, ali pa njinga.

"Mayi, tibwerekeni zikonyozi alendo a ku Tete aone kuti kuno timalima. Madzulo zibwerera."

"Abambo, imeneyo ndi mbewu, si maluwa," anatero mayi.

"Kodi ku Zambia anakuphunzitsani kukana chitukuko?"

Bambo anga anayang'ana pansi, kenako anandiuza kuti ndikwere ndikatsitse.

Ana a sukulu tinaima pamzere kuyambira m'mawa, fumbi lili m'kamwa, jenereta ikulirira chinkuzamawu. Alendo anafika dzuwa litapendeka. Anagwiragwira chimanga chathu, anajambulitsa nacho. Kenako wa komiti uja analengeza kuti alimi apereka zonse zili patebulo ngati mphatso. Anthu anaomba m'manja. Ndinaona zikonyo zathu zikuponyedwa m'galimoto pamodzi ndi mbuzi ya anansi athu. Nditathamangira komweko, bambo wa komitiyo anandikoka khutu.

"Iwe mwana, usatichititse manyazi!"

Mvula itagwa, mayi anayamba ndi kulima minda ya eni kuti awapatseko mbewu. Ife tinabzala mochedwa, ndipo chaka chimenecho nkhokwe inatha msanga. Chimanga choyera chija sitinachionenso.

Lero ndine mtolankhani, ndipo zochitika zotere zachuluka. Zasanduka malonda. Pali obwereketsa matenti ndi mipando, pali ophika, ndipo okumba golide amalipirira oimba. Enawo amapezadi phindu, sindikana. Koma ndikafika pamwambo ndimayamba ndafunsa kuti zili patebulozi n'zayani, ndipo zibwerera liti kwa eni ake. Okonza mwambo amadana nalo funsoli. Amandilozera mpando ndi botolo la chakumwa.

Fera ina ikuyembekezeka anthu akatha kukolola. A komiti ayamba kale kuyenda m'makomo, tsopano pa njinga zamoto. Mayi, amene akuyendera ndodo, atsitsa zikonyo zawo kudenga n'kuzibisa kunsi kwa bedi, kumene utsi sufika. Akuti bola anankafumbwe, iwo amasiyako.