Malungo Amene Sanapezeke M'magazi

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba kuwawa mu Disembala, ndili Fomu 3, ndipo unkakula mitambo ikayamba kuda. Chimwalirireni bambo, ine ndi amayi tinkadalira kuyanika usipa pathandala kugombe. Usipa ukavumbidwa ndi mvula umawola, choncho amayi akapita kukapikula wina kwa asodzi, wolondera thandala ndinali ine. Ndinkajomba kusukulu kawirikawiri. Ndikapitako, ndinkangoganiza za usipa, mtima ukugunda ngati ndathamanga. Chakudya sichinkalowa, tulo sitinkabwera.

Amalume anali atayamba kunena kuti ndingosiya sukulu, ndikagwire ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Ichi ndicho ndinkachiopa koposa.

Tonse tinkati ndi malungo. Ndinamwa panado wa kugolosale mpaka mu Januwale, pamene amayi ananditengera kuchipatala pakabaza. Tinadikira pabenchi m'mawa wonse. Anandibaya chala, koma malungo sanapezeke. Adokotala anandifunsa zimene ndimaganiza ndikagona, ine ndinangoyamba kulira.

"Mwanawe, nkhawa ndi matendanso, ndipo munthu amachira," anatero. Anandiuza kuti ndizibwera Lachinayi kudzacheza ndi anesi opereka uphungu. Anesiwo anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, komanso kuuza amayi zimene zikundivuta.

Mu Febuluwale banja lathu linayamba kulandira ndalama zothandizira mabanja ovutika. Amayi anafunsa ogawa ndalamazo zimene akuyenera kugula, ndipo anawayankha kuti aone okha. Anthu ankati agule mbuzi. Koma amayi anagula chipepala chachikulu cha pulasitiki chofunditsira thandala, n'kupangana ndi Anabanda, aneba athu, kuti azilondera usipa n'kumalandira kangachepe.

Amalume atabweranso ndi nkhani yawo, amayi anati, "Achimwene, mwanayu ntchito ali nayo kale, ya mayeso."

Sindinachire tsiku limodzi. Tulo tinabwerera pang'onopang'ono, mutu unatsalira. Koma tsiku lina mvula inagwa tili mkati mwa phunziro la bayoloje, ndipo ndinaizindikira potuluka, nditaponda matope. Ndinaseka ndekha mpaka anzanga anadabwa.

Pano ndili Fomu 4. Ndimadya bwino, ndimasewera mpira wamanja, ndipo kwa anesi ndimangopita mwa apo ndi apo. Anzanga, mutu ndi mtima zikamakuvutitsani, musadikire ngati ine. Pitani kuchipatala msanga, ndipo akakufunsani za maganizo anu, musabise.