Gadiyani wa ku Thyolo wakwera ndege

Lolemba lapitali ndinadzuka m'mamawa, chiperoni chitaphimba minda ya tiyi, kukatula mlendo ku bwalo la ndege ku Chileka. Mlendoyo ndi a Rebeka, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Amereka. Akhala zaka zisanu ndi ziwiri akuphunzitsa limodzi ndi akazi anga pa sekondale ina ya pa esiteti. Kuwatchula mlendo ndi chizolowezi chabe. Munthu wodziwa kusiyanitsa nthochi za ku Masambanjati ndi za kwina pongoziyang'ana salinso mlendo.

Poika chikwama chawo m'galimoto, zipi inatseguka. Ndinaona zitenje ziwiri, fulasiki, ndi kabeseni ka pulasitiki kogula pamsika. Ndinafunsa mwanthabwala ngati ku Amereka mabeseni anatha.

"Ndikukadikirira bambo," anayankha. "Ndine gadiyani."

Nkhani yake ili motere. Bambo awo a Rebeka ndi okalamba, ndipo mwezi wathawu anadwala sitiroko. Atatuluka m'chipatala anawapititsa ku nyumba yosamalira okalamba, monga amachitira kumeneko. Kwa masabata awiri gogoyo wakhala akukana kudya. Madokotala ayamba kukamba zomuika kapaipi kodyera, chinthu chimene mwini wake ananeneratu ali bwino kuti sadzachifuna. Ngati sayamba kudya yekha, ana ake asankha pakati pa kumuphwanyira mawu ake ndi kumuonerera akufooka.

Mlongo wawo wa a Rebeka, amene amakhala ulendo wa ola limodzi kuchokera pamalopo, anawalembera kuti asavutike kubwera. Anati malowo ndi aukhondo, anamwino alipo usana ndi usiku, pafupi ndi bedi pali batani loitanira thandizo, ndipo chakudya chimabwera katatu patsiku pa nthawi yake.

Zonsezo ndi zoona, anatero a Rebeka. Chimabwera pa nthawi yake. Chimachotsedwanso pa nthawi yake, chisanakhudzidwe.

Anavomera kuti zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo akanagwirizana ndi mlongo wawoyo. Akanatumiza maluwa ndi khadi, n'kumaimba foni Lamlungu lililonse. Sikuti ndi nkhanza. Bambo awo omwewo ndi amene anawalera choncho: dziimire pawekha, usavutitse munthu, ukadwala uziti uli bwino. Kwawoko, kukhala mtolo kwa ana ako ndi chinthu chochititsa manyazi.

Nanga chinasintha n'chiyani?

Malungo.

Chaka chawo chachiwiri kuno, m'nyengo ya mvula, malungo anawagwetsa. Ahedi anawatengera kuchipatala, nabwerera kusukulu. Namwino wa m'wodi atawaika dripi, anafunsa funso limene Mmalawi aliyense amalidziwa: gadiyani wanu ali kuti? A Rebeka anayankha kuti alibe ndipo safunikira, popeza ali ndi inshuwalansi.

Namwinoyo, akuti, anawafunsanso:

"Madamu, inshuwalansiyo ikusambitsani?"

Dzuwa lisanalowe munatulukira mayi Namacha. Mayi Namacha amathyola tiyi pa esiteti yomweyo, amakhala m'malaini, nyumba za antchito a pa esitetipo, ndipo ankadziwana ndi a Rebeka kutchalitchi basi, kumene ankakhala benchi limodzi mbali ya azimayi. Anafika atasenza beseni, m'kati mwake muli fulasiki, kapoto, sopo ndi kamtolo ka nkhuni. Sanafunse ngati akufunika. Anayala mkeka pansi pa bedi, n'kufunsa kumene kuli mpopi.

Kumbukirani kuti nyengo ya mvula ndi imene tiyi amaphukira usiku ndi usana. Ndi nthawi imene wothyola safuna kujomba ngakhale tsiku limodzi. Mayi Namacha anajomba masiku anayi.

A Rebeka akuti tsiku loyamba anachita manyazi kwambiri kuposa mmene anamvera malungowo. Munthu wamkulu, wa madigiri awiri, kugwiridwa mkono popita kuchimbudzi ndi mayi wongodziwana naye pa benchi. Anayesa kuwabweza. Anawauza kuti ali bwino, apite kuntchito. Mayi Namacha anangotembenukira kwa gadiyani wa pa bedi loyandikana, n'kuyankhula zina m'Chilomwe, onse n'kuseka. Patapita miyezi ndi pamene a Rebeka anauzidwa zimene zinanenedwa: kuti mzunguyu akuti ali bwino koma kapu ikumulemera ngati dengu lodzaza.

Tsiku lachitatu analeka kukana. Anati ndi nthawi yoyamba chikulireni kulola munthu wina kuwachitira chinthu chimene sakanatha kubweza. Ndipo dziko silinathe.

Kuyambira pamenepo, akuti, zinthu zing'onozing'ono zinayamba kuoneka mwina. Popita kutchuthi kwawo anayamba kuwerenga zitseko. Pamsewu umene anakulira pali nyumba zambiri, koma anapeza kuti amadziwa mayina a mabanja awiri okha. Mayi wina wa nyumba yoyang'anana ndi yawo anamwalira, ndipo bambo awo a Rebeka anazidziwa ataona chikwangwani chogulitsa nyumbayo. M'sitolo a Rebeka anapatsa moni wogulitsa, n'kufunsa za kunyumba, mpaka anthu a pamzere anayamba kutsokomola. Anati amakondabe kwawo, madzi otentha otuluka pampopi ndi mabasi osunga nthawi, ndipo sananamizire kuti sazifuna. Koma mawu akuti ndili bwino, musavutike, anasiya kuwakhulupirira.

Tisanatuluke m'esiteti anandipempha kuti ndiime pa munda wina m'mbali mwa msewu. Othyola anali kale m'mizere, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno oteteza mame. Mayi Namacha anatuluka m'mzere kapitawo akuyang'ana wotchi. Anakalipa kuti nkhani yaikulu chotere aimva mochedwa kutchalitchi ngati chilengezo cha kwaya. Kenaka anamasula chitenje chimene anafunda paphewa, n'kuchiika m'manja mwa a Rebeka.

"Mukawauze bambowo kuti ku Thyolo ali ndi mwana wina, akuwapatsa moni. Ndipo musakawafunse ngati akufuna kudya. Wodwala safunsidwa."

Kapitawo anatsokomola. Mayi Namacha anamuuza kuti tiyi sathawa, n'kubwerera m'mzere.

Tsopano ndilankhule nanu, awerengi.

Pa tsamba lomwe lino ndalembapo kangapo zodandaula za ugadiyani, ndipo sindibweza mawu. Tinene zoona. Gadiyani amagona pansi pa simenti. Amaphika m'chisakasa cha utsi, nkhuni zogula yekha. Madokotala akamayendera odwala amatulutsidwa panja ngati wosokoneza, koma dripi ikatha ndi iye amene amathamanga kukaitana namwino. Amatembenuza wodwala, amachapa zofunda, amataya za m'beseni. Zambiri mwa izi ndi ntchito za chipatala, ndipo zimagwera achibale chifukwa anamwino ndi ochepa. Aliyense wonena kuti ichi ndi chikhalidwe chokoma basi sanagonepo pansi pa bedi la m'wodi.

Koma Lolemba lija, ndikudutsa pa Bvumbwe, ndinazindikira kuti ndakhala ndikusakaniza ntchito ziwiri.

Ilipo ntchito ya namwino: jakisoni, dripi, kutsuka bala. Imeneyo tipitirize kuikuwira mpaka anamwino achuluke. Koma ilipo ntchito ina imene namwino sangaigwire ngakhale atakhala khumi pa bedi limodzi. Kudziwa kuti munthu uyu phala lotentha kwambiri samwa. Kudziwa kuti akatembenukira kukhoma sikuti wagona, wakhumudwa. Kukhala pompo, osapita kulikonse, kuti akatsegula maso aone nkhope yoidziwa.

Dziko la a Rebeka linakwanitsa ntchito yoyamba, ndipo tisachite nalo nsanje yabodza: linachita bwino. Koma m'nyumba zambiri yachiwiriyo inatsala panjira. Ife yoyamba ikutivuta, yachiwiri tidakali nayo. Funso ndi lakuti tikhala nayo mpaka liti.

Ndikufunsa chifukwa ine ndemwe ndayamba kuitaya. Chaka chatha amalume anga anagonekedwa m'chipatala milungu iwiri. Ndinatumiza kangachepe pafoni. Ndinaimba kawiri patsiku. Ndinapita kukawaona Loweruka, nditanyamula zakumwa ndi mabisiketi, n'kukhala mphindi makumi atatu ndikuyang'ana wotchi ngati kapitawo uja. Amene anayala mkeka ndi mpongozi wawo, mlimi wa ku Khwethemule, amene anasiya munda wake uli pakati kupalira. Pobwerera ndinadziuza kuti ndachita mbali yanga.

Kodi ndimasiyana pati ndi mlongo wa a Rebeka? Iye ali ndi batani, ine ndili ndi foni.

Ife olandira malipiro pamwezi, a m'maofesi a esiteti, a pa boma, aphunzitsi, tikuphunzira msanga kudwazika matenda patali. Tili ndi zifukwa zomveka: abwana sapereka tchuthi, ana ali pasukulu, kumudzi n'kutali. Zifukwa za mlongo uja nazonso ndi zomveka. Chilichonse chimene chimatha pakati pa anthu chimatha ndi zifukwa zomveka.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu wadza, wakhala, ndipo wanyamula kalumo kathu, kamene eni akefe tayamba kukasiya pawindo kuti kachite dzimbiri. Ine ndikuthokoza kuti wandionetsa kuti n'kakuthwa. Ndikuthokozanso azimayi onse a m'zisakasa za magadiyani, amene palibe nyuzipepala inalembapo mayina awo, kuphatikizapo ino.

Lachinayi uthenga unabwera pafoni ya akazi anga.

Tsiku loyamba, a Rebeka analemba, a ku nyumba yosamalira okalamba ija anadabwa nawo. Alendo kumeneko amabwera ola limodzi n'kupita. Iwo anafika m'mawa, n'kukhala pampando mpaka madzulo. Woyang'anira malowo anawafunsa mwaulemu ngati pali dandaulo lililonse pa kasamalidwe. Anayankha kuti palibe, angobwera kudzakhala. Bambo awonso anawathamangitsa. Ndi pakamwa popotoka ndi sitiroko, anawauza kuti abwerere kuntchito, iwo ali bwino.

A Rebeka sanatsutse. Anawafunditsa chitenje cha mayi Namacha m'miyendo, n'kukhala pansi.

Tsiku lachiwiri anapempha mbale ziwiri za phala m'malo mwa imodzi. Anakhala m'mbali mwa bedi n'kumadya yawo, akusimba za ana a Fomu 2 amene amaopa masamu kuposa njoka za m'tiyi. Supuni ya bambo anangoiika pafupi ndi dzanja limene likugwira ntchito. Gogoyo anadya masupuni anayi. M'mawa mwake anadya theka la mbale, n'kudandaula kuti mulibe shuga. Madokotala anena kuti nkhani ya kapaipi ayamba aiimika, aone mlungu uno.

Lachisanu ndinapita kumunda kuja pa nthawi yopimitsa masamba pa sikelo, ndipo ndinawawerengera mayi Namacha uthenga wonse. Anamvetsera dengu lili pansi. Pa nkhani ya shuga anagwedeza mutu, n'kunena kuti wodwala akayamba kunyoza chakudya ndiye kuti wabwerera. Ndinayembekeza kuti athokoza Mulungu n'kuthera pomwepo. Koma anafunsa funso limene ine, ndi zaka zanga zonse za kufunsa mafunso, sindinaliganize.

"Nanga Madamuwo akuwalandira ndani?"

Ndinati palibe, ali okha.

Anati zimenezo n'zolakwika. Gadiyani nayenso ndi munthu, amatopa, ndipo akatopa amayamba kukalipira wodwala. Kudikirira matenda n'kolandirana. Iwo masiku anayi aja anawakwanitsa chifukwa tsiku lachisanu kunabwera mayi wina wa kutchalitchi. Anandilamula kuti ndilembe kuti mlongo uja alowe Loweruka ndi Lamlungu, Madamu akagone.

Ndinawakumbutsa kuti mlongoyo ndi munthu wamwamuna, ndipo ali pa ntchito yaikulu.

"Manja alibe?" anafunsa, n'kusenza dengu lawo kupita pa sikelo.

Ndinalemba monga anandiuzira, mawu ndi mawu. Yankho lafika m'mawa uno ndikumaliza ndemanga ino. Mlongoyo wavomera. Wangofunsa kuti kodi munthu amachita chiyani m'chipinda cha wodwala tsiku lonse lathunthu.

Musamuseke. Abambo anzanga a mataye, tikanakhala ife, tikanadziwa yankho lake?