Dzanja pa phiko la ndege ya eni

Ndiyambe ndi kudziteteza: ine sindinaname. Sindinalembe liwu ngakhale limodzi. Ndinangoika dzanja pa phiko la ndege, mai a kunyumba n'kujambula, basi.

Linali Lamulungu linalo, osati la dzuloli. Titaweruka ku tchalitchi tinati tikapitidweko mphepo kunja kwa tauni yathu ya Germantown, kuno kutsidya kwa nyanja, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Tikukhota pa gulaye wina, tinangoona kandege kali chiimire m'mbali mwa msewu, kutsogolo kwa lesitilanti yomwe inatsekedwa kalekale. Eni ake anakaika pamenepo kuti kaziitana makasitomala. Makasitomala anasiya kubwera, eni ake anasamuka, kandege kanatsala kokha pa dzuwa ndi mvula.

Mundimvetse, abale. Ndinali mu suti. Munthu wa kwathu akakhala mu suti, dzuwa lili bwinobwino, pafupi pali chinthu chooneka chodula, thupi limadziwa lokha chochita. Tinakula tikuona zithunzi za amalume athu a ku Joni atatsamira galimoto ya bwana wawo, phazi lili pa tayala. Malamulo a zithunzi zimenezi sanalembedwe paliponse, koma tonse timawadziwa. Ukaima chapatali manja ali kumbuyo, chinthucho ndi cha eni. Ukaikapo dzanja, ndi chako.

Ine ndinaikapo dzanja. Linalo m'thumba.

"Senderani kumanzere pang'ono," anatero mai a kunyumba, "mubise dzimbirilo."

Ndinasendera. Chithunzi chinatuluka chokongola moti ngakhale ine mwini ndinayamba kudzipatsa ulemu. Ndinachiponya pa gulupu ya banja, foni n'kuika m'thumba.

Lolemba m'mawa foni inali itatentha. Alongo anga anali atatumiza timanja topemphera tokwana mpingo wathunthu. Msuweni wina amene sitinalankhulane chichokereni ine kumudzi analemba kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti ndidzafika patali. Kenaka panali uthenga wa mawu wochokera kwa amai anga ku Ntcheu.

"Mwanawe, Mulungu wayankha. Zaka zisanu ndi zinayi wakhala ukundiuza kuti ulendo ndi wovuta, mipando ya m'ndege imadzaza msanga. Tsopano mpando ndi wako, woyendetsa ndi iwe. Khirisimasi ino ndikukudikira."

Ndinaumvera katatu. Nthawi yokonza zinthu inali yomweyo. Ndikanangolemba kuti pepani, ndimasewera. Koma ndiulule: kutamandidwa n'kokoma. Munthu amene sabata yonse amaitanidwa ndi dzina lopotozedwa ku ntchito, mwadzidzidzi akutchedwa bwana ndi fuko lonse. Ndinati ndiwalole asangalale tsiku limodzi lokha, mawa ndifotokoza.

Mawa lake ndinatinso mawa.

Lachitatu anaimba Yohane, mng'ono wanga amene amakhala ndi amai. Yohane ndi munthu wosachedwa pa ntchito, makamaka ntchito yomwe sanatumidwe.

"Achimwene, za kotera musadandaule. Ndalankhula ndi ahedi, akuti bwalo la mpira la pasukulu titha kugwiritsa ntchito. Magoli tazula kale a kumtunda."

"Mwazula chiyani?"

"Magoli. Akuti bola tidzabwezere masukulu asanatsegulire. Chulu chija cha pakona tichisalaza Loweruka. Mbuzi tidzamangirira. Kungoti mundiuze, mudzatulukira mbali ya kuphiri kapena ya kumsika?"

Ndinati netiweki ikuvuta.

Apa m'pamene ndinakumbukira a Tembo. A Tembo ndi a ku Lusaka, timapemphera limodzi, amakhala ku Alexandria, tauni ina ya konkuno. Panali mphekesera ku tchalitchi yakuti iwowa ali ndi ndege yeniyeni, koma ukawafunsa amangoseka n'kuyamba nkhani ya mpira. Ndinawaimbira n'kuwafotokozera tsoka langa. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati ndiwapeze Loweruka pa kabwalo kena ka ndege zing'onozing'ono, kutali ndi tauni.

Ndinawapeza atagona chagada pansi pa ndege yawo, kansanza kali m'manja. Ndegeyo ndi yaikulu kwa iwo pa zaka. Mapiko ake ndi okutidwa ndi nsalu, ukagogoda amalira ngati ng'oma. Mipando ndi iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo munthu wa mimba ngati yanga ayenera kuyamba wapuma mpweya wonse asanalowe. Kuti ilire, a Tembo amachita kupukusa ndi manja chopalasira mphepo cha kutsogolo chija, n'kudumphira kumbali.

Ndinafunsa funso langa mwaulemu wonse. Ndinati kodi kandege ngati aka, munthu atapanga dongosolo bwinobwino, sangafike nako ku Ntcheu?

A Tembo anadzuka n'kundiyang'ana ngati ndadwala.

"Alamu, iyi ndeke, mphepo ikabwela kutsogolo, ma truck pa mseu wa I-95 amanipitilila pansi. Every three hours ifuna mafuta. Manje pa ocean muzaima pati? Na kuno kwamene, nikasokela pang'ono chabe kuyenda ku DC, ku capital, ndeke za asilikali zibwela kunipatsa moni."

"Nanga kwanu ku Lusaka akudziwa kuti muli nayo?"

"Nipenga ine? Olo picture sin'natumizepo. Bazayamba: pelekako ambuya ku Chipata, nibweletseleko fridge. Iyi ni yanga na bakazi banga chabe, na beve baikana."

Ndinawafunsa chomwe amavutikira nayo, poti Loweruka lililonse ali pansi pake, kumanga apa, kupukuta apo, kuuluka kwake mwa apo ndi apo. Anati akakhala m'mwamba palibe amene angawaimbire foni. Anatinso ndege yakale ukangoisiya miyezi ingapo osaigwira, imayamba kuola mwakachetechete, ndipo ija ndinajambulitsa nayo ine tsiku lina inali ndi mwini wake amene ankaipukuta chomwechi.

Ndiye taonani zake. Munthu amene ali ndi ndege yeniyeni akuibisa ngati mlandu. Munthu amene alibe ngakhale njinga yakapalasa wazulitsa magoli pa sukulu ya boma.

Pobwerera ndinadzeranso pa kandege kanga kaja, ndili ndekha, wopanda suti. Ndinachita chomwe sindinachite Lamulungu: ndinakazungulira. Mbali yoyang'ana kumsewu ndi yopakidwa penti, yoyera ndi mzere wofiira. Mbali inayo, mayo ine! Chitseko chinagwa, mpando unadyedwa ndi mbewa, mbalame zinamanga zisa mu injini, tayala linaphwa mpaka kulowa m'dothi. Amene ankapaka penti ankadziwa kuti odutsa pa galimoto saima.

Kodi ife kuno timatumiza mbali iti kumudzi?

Timatumiza chipale chofewa choyamba, tili mu jekete yatsopano. Timatumiza tili kutsogolo kwa nyumba zikuluzikulu za boma, ngati tangotuluka kumene mu msonkhano. Ndani anatumizapo chithunzi ali pa mzere wa magalimoto kuchokera ku Woodbridge, maso ali psuu, khofi atatayikira pa thalauza? Ndani anajambulitsapo atavala yunifolomu ya ntchito yachiwiri ija, imene ngakhale ku tchalitchi sitiitchula?

Tikatero timakumana pa maphwando n'kumadandaula kuti anthu a kumudzi samvetsa moyo wa kuno, amaganiza kuti tikungosambira mu mkaka. Anawaphunzitsa ndani? Iwo amawerenga zomwe tawalembera, ndipo amawerenga bwino kwambiri. Yohane sanalakwitse kanthu. Anaona dzanja pa phiko, anakatenga khasu.

Dzulo m'mawa, tisanapite ku tchalitchi, ndinawaimbira amai. Ndinali nditakonza mawu kusanache, koma atangoti "halo" onse anabalalika.

"Amai, ndege ija si yanga."

"Ndi ya ndani?"

"Ilibe mwini. Ndi yoola, ili m'mbali mwa msewu. Ndinangojambulitsa."

Ine ndinakonzeka kukalipiridwa. Ndinkadziwa kuti awauza kale amai anzawo a ku tchalitchi, ndipo ndinkayembekeza kumva za manyazi omwe ndawachititsa, za ahedi, za chulu chosalakwa chomwe chasalazidwa chifukwa cha ine.

M'malo mwake anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka ndinamva akuuza Yohane chapatali kuti akabwezere magoli a eni ake.

"Iwe, za ndegezo ine ndilibe nazo ntchito," anatero atapuma. "Ngakhale ukanatulukira pa kabaza, ine ndikanavina chimodzimodzi. Ine ndinangoti chokulepheretsa chija chatha."

Apa ndiye manyazi anandigwira enieni, oposa a magoli. Mipando ya m'ndege sinayambe yadzazapo zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana. Ndinkangoti chaka chamawa, zinthu zikakhala bwino, ndikadzakhala ndi chooneka chokafika nacho.

"Tsono tandiuza," anapitiriza amai, mawu atatsika. "Chipinda chako ndinayamba kupaka laimu, ndafika pakati. Ndimalize, kapena ndisiye?"

Ndinati ndiwaimbiranso. Mpaka pano foni ili apa pa tebulo. Inu amene mwakhala mukundiseka kuyambira pamwamba paja, kwanu munapita liti?