A Pettiford ndi Jombo za Wogulitsa Nsomba

Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi a Odell Pettiford akhala akusoka nsapato m'kashopu kawo ku Baltimore, ndipo sanalembepo dzina la kasitomala. Munthu amangosiya nsapato n'kumapita. Akabwera patatha mwezi, iwo amaona mmene waponderamo pakhomo, n'kutambasula dzanja pashelefu osafunsa kanthu.

Koma chaka chino anaiwala makiyi pachitseko kawiri, ndipo kachiwiriko anawapeza ndi mwana wawo Lavonne. Iye anagamula kuti shopu igulitsidwe, bambo akakhale kwa iye. Bambowo anangoti tiona.

Loweruka lina Lavonne anawakweza sitima ya ku Washington kuti akaone nyumba yoonetsera zida za akazitape. Ankati n'kongowongola miyendo, koma m'chikwama chake munali mapepala a munthu wofuna shopuyo.

Polowa m'nyumbamo mlendo aliyense amapatsidwa khadi ndi mbiri yabodza yoti aloweze: dzina, kwawo, ntchito, komwe akupita ndi chomwe akukachita. Potuluka makina amamufunsa zisanuzo.

"Ine andipatsa wogulitsa nsomba wa ku Lisbon," anatero a Pettiford. "Iwe akupatsa ndani?"

Lavonne anawawerengera zake mothamanga: iye anamupatsa namwino. "Ndi masewera chabe awa, adadi. Musadzivutitse."

"Tisewere zenizeni. Ndikaphonya funso limodzi, makiyi ndikupatsa lero lomwe. Ndikakhoza onse, mapepala ako aja ukakulungire nkhanu."

"Mwasecha chikwama changa?"

"Unachisiya chotsegula m'sitima. Ndiwe kazitape wanji iwe?"

Anazungulira maola atatu. Makamera obisika m'mabatani a malaya sanawatenge mtima kwenikweni. Pomwe anaima nthawi yaitali ndi pa nsapato ina yachikopa, ya chidendene chogoba mkati mobisamo kachipangizo komvetsera zolankhula za anthu. Anaika mphuno pafupi ndi galasi.

"Akanabwera nayo kwa ine," anatero. "Chidendene chogoba chimalira poyenda. Pamafunika kansalu mkati."

Mlonda amene anaima pafupi anaseka. A Pettiford anamuyang'ana kumapazi.

"Inu achimwene, phazi lamanzere mumapondera kunja. Bondo likukuvutani eti?"

Mlondayo analeka kuseka, n'kufunsa komwe kuli shopu yawo.

Pamakina otulukira anayamba ndi Lavonne. Dzina anakhoza, ntchito anakhoza, komwe akupita anakhoza, kenako mutu unaima. Zitatu pa zisanu. A Pettiford anapukuta magalasi, natsinzina pang'ono, n'kuyamba kudina ndi chala chawo chakuda ndi polishi. Zisanu pa zisanu.

"Wakoyo kwawo kunali ku Oslo," anauza mwana wawo, "ndipo amapita ku ukwati wa mng'ono wake."

Lavonne anakhala pabenchi. "Mwachita bwanji zimenezi?"

"Aliyense ndinamuveka nsapato. Wanga uja ndinamupatsa jombo zalabala, saizi naini, zonunkha nsomba, chidendene chakumanja chodyeka. Namwino wakoyo zoyera zafulati, ndi zina zazitali m'chikwama zokavina ku ukwati. Munthu ukamudziwa mapazi, zinazo zimabwera zokha."

"Nanga makiyi mumaiwaliranji?"

"Makiyi alibe mapazi, mwana wanga."

Lavonne anaseka mpaka kupukuta m'maso. M'sitolo ya pakhomo anagula chingwe chakuda chovala m'khosi, namangirirapo makiyiwo yekha, mfundo ziwiri. Za mapepala sanazitchulenso, ngakhale m'sitima pobwerera, pomwe bambo ake ankawodzera atakumbatira khadi lawo.

Lolemba shopu inatsegulidwa eyiti koloko monga mwa masiku onse, makiyi akulendewera pachifuwa. Patatha milungu iwiri panafika phukusi la papositi lochokera ku Washington, mulibe kalata. Munali nsapato zakuda za yunifolomu. A Pettiford anatembenuza yamanzere, naona mmene yadyekera kunja, n'kuyamba kufunafuna chikopa chokhuthala choti bondo lija lipumuleko.