Tsiku Limene Mbuzi Yanga Inapulumuka Mpeni

Uthenga unandipeza ndili m'madzi mpaka m'maondo, ndikuvuula chinangwa cha kondowole. Mpongozi wanga akubwera chothamanga, mpango uli m'manja: "Amayi! Yaswa! Yaswa, ndipo ili moyo!" Ine dengu uko, nthungululu lululu! Chinangwa chinapita ndi madzi. Chipite, ng'ona nazo zilaweko.

Mbuziyo inali imodzi yokha, yangayanga, kakafupi ngati mtondo. Alangizi a ziweto atabweretsa tonde wakunja kuno ku Kanyenda, chitonde ngati mwana wa ng'ombe, makutu lendee, mphuno yokhota, fungo lomveka mpaka ku Dwangwa, ine ndinakoka kanga pachingwe dzuwa likuswa mtengo, kukakapereka ku ukwati.

Amuna anga anagwira kumutu. "Mayi, mwaipha mbuzi. Mwana wa chimphona chija adzatulukira pati?"

Mimba kukula, mudzi wonse kusanduka aneneri. Asodzi akuti ibereka chonga mkazi wa m'nyanja uja, kumtunda munthu, kumunsi nsomba. Ine: "Inu munamuona, chitenje amamanga pati?" Akatekisiti athu akuti zosakanizasakaniza ndi za masiku otsiriza, zilombo za mutu wa mkango, mapiko a chiwombankhanga. Ine: "Bambo, nanga mango omezanitsa mumadya kuseri kwa tchalitchi aja, nawonso ndi otsiriza?" Anangotsokomola.

Pakamwa ndinali ngwazi, koma tsiku loswa litafika ungwazi wonse unatha. Kwathu kuno nyama timadyera limodzi ndi anzathu Achisilamu, ndiye mbuzi ikafooka timaitana Msilamu aichinje isanafe yokha, poti ikafa yokha ndi haramu, anzathuwo sadya. M'mawa uja itangoyamba kubuula, amuna anga anakatenga bambo oyandikana nafe, a chisoti choyera, mpeni wawo wonolanola uli m'manja. Kuonerera sindikanatha. Ndinawaloza onse awiri: "Mukafulumira, wotsatira kuchinjidwa ndinu." Ndinathawira ku chinangwa changa.

Ndiye ndikufika kukhola ndikuvina, madzi ali chuchuchu m'chitenje. Mpeni uli pamwala, wouma. Bambo a chisoti aja agwada, malaya apinda, manja onse uve.

"Mayi, ndinabwera kudzachinja, mwandisandutsa mzamba. Mwendo unapindika, ndauwongola, ndakoka."

Ndipo kamwana kali apo, mayi ine, kali apo! Makutu a bambo ake, kuwapondaponda kokha. Timiyendo ta mayi ake, tatifupi. Mphuno yokhota ngati kakununkhiza zoipa. Mchira wa nsomba palibe, mapiko palibe, mutu umodzi basi. Konyansa, konyansa, kokongola kanga! Mayi ake akukanyambita, akundiyang'ana ngati akuti mudzabwerezenso muone.

Amuna anga m'manja phwaphwa: "Mbuzi yathu yagwira ntchito."

"Yathu? Inu simunakonze kale mchere ndi tsabola?"

Anthu kudzaza pabwalo. Anabwera alamu anga ndi ndodo yawo, anabwera azakhali osamva aja akufunsa kuti wabadwa ndi wa yani, anabwera akazi a bambo mzamba ndi mandasi, asodzi atatu kudzasuzumira kumchira, alangizi panjinga yawo, mnzanga wa kumpunga matope ali m'miyendo, wakabaza amene amangodutsa, apongozi anga a ku Boma, ndi akatekisiti, amene anaima patali kenako n'kufunsa motsitsa mawu ngati tonde uja akadalipo.